Matumba anayi patsiku: mmene dayalisisi ya kunyumba yandiyendera kuno ku Chilenje

Kuchipinda kwanga kuli msomali umene kale ndinkapachikapo kalendala ya kutchalitchi. Masiku ano pamalendewera thumba la madzi la malita awiri, kanayi patsiku. Anzanga amene tinkakhala nawo pabenchi kudikirira makina akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti dayalisisi ya pamimba ija, njira yosefera magazi impso zikaleka kugwira ntchito, ikundiyendera bwanji, ndiye ndati ndilembe kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi.

Ndine telala, ndimasokera pakhomo, kwathu ndi ku Katete. Impso zanga zinatha chifukwa cha BP imene ndinaiseweretsa zaka zambiri, mapiritsi ndinkamwa pokhapokha mutu ukandiwawa. Chaka choyamba ndinali pa makina osefa magazi kuchipatala, katatu pamlungu, maola anayi pampando. Mukaphatikiza minibasi, mzere ndi kufooka kobwera pambuyo pake, tsikulo linali lotayika. Makasitomala a madiresi a kicheni pati sadikira telala wogona. Anathawa mmodzimmodzi, ndipo sindiwaimba mlandu.

Njira imene ndili nayo tsopano, chaka ndi theka chapitachi, amaitcha CAPD. Adokotala anandiika kachubu kofewa pamimba, chakumunsi kwa mchombo cham'mbali. Kachubuko amakatcha Tenckhoff, dzina la dokotala amene anakakonza mu 1968. Ndinadikira milungu iwiri kuti bala lipole. M'mimba mwa munthu muli nembanemba yokuta matumbo, yodzaza ndi timitsempha ta magazi, ndipo imeneyo ndiyo imagwira ntchito ya sefa. Ndimalowetsa madzi okhala ndi shuga, amakhala m'mimba maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, shugayo amakoka madzi otsalira m'thupi, zoipa za m'magazi n'kumalowa m'madzimo. Kenako ndimawatulutsa n'kulowetsa ena. Matumba amabwera awiriawiri olumikizana: lodzaza limapita pamsomali, lopanda kanthu limagona pansi m'beseni. Kutulutsa kumanditengera mphindi ngati 20, kulowetsa mphindi 10. M'mawa, masana, madzulo, ndi pogona.

Chimene ndimayamikira kwambiri n'chakuti sipafunika magetsi. Madzi amatsika okha kuchoka pamwamba. Mu 2024, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, tinkakhala mumdima maola opitirira khumi patsiku, koma ine sindinaphonyepo thumba ngakhale limodzi chifukwa cha zimenezo. Ndinamva kuti kuli makina ena ochita zonsezi usiku munthu ali mtulo. Abwino ndithu, koma kwa ife a kuno msomali wanga uja ndi wodalirika kuposa soketi.

A nesi amene anandiphunzitsa ndiwapatsa mamakisi onse. Anali okhwimitsa zinthu moti tsiku lachiwiri ndinalira m'minibasi pobwerera. Ndasamba m'manja bwinobwino, ndapukuta, ndiye ndangokankha chitseko pang'ono ndi chala.

"Amayi, mwagwira chitseko. Kasambeninso."

"Koma asista, ndi chala chimodzi chokha."

"Chala chimodzicho n'chimene chidzakugonekeni m'wodi. Kasambeninso."

Ndinasamba kasanu tsiku limenelo. Anandiphunzitsa kutseka mawindo, kuzimitsa fani, kuvala masiki, kupukuta tebulo, kuyang'ana deti pathumba ndi kulifinya kuona ngati likudontha. Musanalowetse madzi m'mimba mumayamba mwatsegula kuti atsike m'thumba la pansi mukuwerenga mpaka kasanu, kuti mpweya ndi tizilombo tomwe tingakhale polumikizira tichoke. Pomaliza mumatseka kachubu ndi kachivundikiro katsopano kokhala ndi ayodini. Mdzukulu wanga wa zaka zinayi anazolowera msanga kuposa akulu. Akaona masiki amathamangira pakhomo la chipinda n'kumabweza aliyense: "Ambuya ali pa thumba!" Pusi tinamupereka kwa aneba.

Matumbawo alipo a mphamvu zitatu. Amene ndimalandira ine analembedwa 1.5%, 2.5% ndi 4.25%, kusonyeza kuchuluka kwa shuga. La 4.25% limakoka madzi ambiri, ndipo apa m'pamene pali chiyeso. Ukadya ndiwo zamchere, n'kumwa madzi ochuluka, miyendo n'kutupa, mtima umati tenga lamphamvu lija zithe. Zimathadi. Koma shuga wochulukayo amatopetsa nembanemba ija, ndipo ikatha ndiye basi, yogula kulibe. Ndili ndi kope la sukulu momwe ndimalemba chilichonse: thupi langa kulemera kwake m'mawa, BP, ndi kulemera kwa thumba lililonse lotuluka, lomwe ndimayeza pa kasikelo kokoleka kamene ndinagula ku Kamwala. A nesi akatsegula kope lija amadziwa mlungu umene ndinabera mchere popanda ine kuulula.

Tsopano zoipa zake, chifukwa ziliko ndithu.

Choyamba ndi malo. Matumba anayi patsiku ndi 120 pamwezi, malita 240 a madzi m'makatoni. Palibe anandiuza kuti zimenezo zimaoneka bwanji mpaka tsiku limene galimoto inatsitsa pakhomo. Aneba anaganiza kuti ndikutsegula kantemba. Makatoni safuna chinyezi kapena dzuwa, ndiye tinaika matabwa pansi n'kuwasanja mpaka kufika pawindo, ndipo makina anga osokera anasamukira pabalaza. Mapulasitiki otsala nawonso ndi mulu. Madzi otuluka timathira m'chimbudzi, koma matumba opanda kanthu amadzaza saka pamlungu, ndipo otola zinyalala ena amachita nawo mantha.

Chachiwiri ndi obweretsa katunduyo. Anyamata a pagalimoto ndi aulemu, amanyamula mpaka kuchipinda osadandaula. Koma ku ofesi kwawo sadziwa kuti thumba si shuga wa mu tiyi woti ungabwereke kwa neba. Mwezi wina anachedwa masiku asanu. Foni ikaitana amati mawa, mawa likafika amati galimoto ili pa garaji. Ndinkawerenga matumba ngati mayi wowerenga ufa wa kumapeto kwa mwezi. Atatsala asanu ndi limodzi, mwana wanga wamwamuna anakwera minibasi kupita ku Matero kukabwereka katoni kwa bambo wina amene tinaphunzira naye limodzi. Kuyambira pamenepo ndimaitanitsa kukadali matumba a masiku khumi, ndipo ndimaimba foni mpaka atatopa nane. Akanangomauza munthu zoona za tsiku lofika, theka la madandaulo anga likanatha.

M'nyengo yozizira, June ndi July, thumba likalowa lozizira mimba imapotokola ndipo umanjenjemera mpaka mano. Kuliviika m'madzi otentha n'koletsedwa, chifukwa madziwo angafike polumikizira. Ine ndimalikulunga m'thaulo limodzi ndi botolo la madzi otentha lija la labala, lisanachotsedwe m'pepala lake lakunja, n'kulisiya m'bulangete kwa kanthawi. Likhale lofunda ngati thupi, osati lotentha.

Chimene aliyense amaopa ndi matenda a m'nembanemba, omwe achipatala amati peritonitis. Anandigwira kamodzi, ndipo cholakwa chinali changa. Usiku wina magetsi atapita ndinachita ulesi kudzutsa mwana wanga wamkazi kuti andiunikire. Ndinatsamiritsa foni pa Baibulo, tochi yake n'kumawalira cham'mbali, ndipo polumikiza ndinamva kuti nsonga ya kachubu yakhudza chala. Ndinadziwa zoyenera kuchita: kutseka, osalowetsa madzi, kuimbira a nesi. Koma ndinati aa, n'pang'ono chabe. Patapita masiku awiri thumba la m'mawa linatuluka lambuu ngati madzi otsukira mpunga. Thumba labwino limakhala loyera ngati mkodzo wosungunuka, moti ukaika nyuzipepala pansi pake umawerenga zilembo. Limenelo sindinaone kanthu. Pofika masana mimba inali itauma gwa, yosakhudzika, thupi likutentha. Tinanyamula thumba lomwelo kupita nalo kuchipatala kuti akaliyeze, ndipo kwa milungu iwiri mankhwala ankathiridwa m'matumba. A nesi sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Amayi, chinachitika n'chiyani?" Manyazi amene ndinamva anaposa ululu. Tsopano ndili ndi nyale ya sola yokhomeredwa pamwamba pa tebulo penipeni.

Tizingwe toyera tonga choyera cha dzira timene nthawi zina timayandama m'thumba si matenda ayi, ngati madziwo ali oyera. Tsiku loyamba kutiona ndinatsala pang'ono kuitana abusa.

Nkhani ya madzi nayo si yaing'ono mu Lusaka muno. Pa kolera uja amene anavuta kumayambiriro kwa 2024, mpaka bwalo la Heroes linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndinali ndi mantha osaneneka. Madzi osamba m'manja ndi otsukira potulukira kachubu ndimawiritsa pambaula n'kusunga m'chigubu chawochawo chimene wina aliyense sagwira. Makala amatha, koma bola makala.

Thupi nalo limasintha. Malita awiri m'mimba amaoneka. Amayi ena kutchalitchi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Pa msinkhu wanuwu?" Ndinaseka mpaka misozi. Masiketi anga onse ndinawamasula m'chiuno. Kachubu kolendewera kankandisowetsa mtendere, kakakoka pang'ono bala limapweteka, mpaka ndinasoka lamba wa zidutswa za chitenje wokhala ndi kathumba kolowetsamo. Ndasokera kale anzanga anayi. Kunyamula chigubu cha malita 20 ndinasiya, akuti mimba ingaphudzuke. Kudzimbidwa n'kwina kumene sindinkakuganizira: matumbo akadzaza amakankha kachubu, madzi osatuluka. Ndikaona kuti thumba likuchedwa ndimayamba ndadzifunsa kuti ndinapita liti kuchimbudzi.

Pa zakudya ndiye ndapumako. Nthawi ya makina nthochi ndi tomato zinali ngati poizoni, madzi akumwa ankayezedwa ndi kapu. Pano, popeza thupi limasefedwa tsiku ndi tsiku, amandilola zambiri malinga ndi zotsatira za magazi a mwezi umenewo. Amandikakamizanso kudya mazira ndi nkhuku chifukwa madzi otuluka amapita ndi zomanga thupi. Vuto n'lakuti mimba yodzaza kale sifuna nsima yambiri, koma thupi limanenepabe ndi shuga wa m'matumba. Kapenta, nsinjiro ndi zakumwa zakuda za m'mabotolo ndi zimene andichepetsera chifukwa cha fosiforasi, amene akachuluka m'magazi thupi limayabwa. Munthu wa ku Katete kumuuza kuti chibwabwa adye chosatendera, imeneyo ndi nkhanza, koma thupi likayamba kuyabwa usiku umamvera wekha.

Ulendo ndi wotheka. Amalume atamwalira ndinapita kumudzi, mtunda wa pafupifupi makilomita 500 mumsewu wa Great East. Ndinasintha thumba mbandakucha ndisanapite kusiteshoni ya mabasi ya Intercity, makatoni atatu analowa pansi pa basi, ndipo kondakitala anafuna kundilipiritsa ngati katundu wa malonda mpaka nditamuonetsa kalata ya kuchipatala. Pa Luangwa anzanga ankagula nsomba zouma, ine ndinangokhala pampando, chifukwa fumbi la pamenepo si losinthirapo thumba. Kumudzi azakhali anandipatsa chipinda chawo, anawaza madzi pansi, anakhoma msomali. Ndinalira maliro a amalume anga masiku atatu athunthu. Ndikanakhala pa makina ndikanangotumiza chipepeso pa foni.

Kodi ndingauze wina kuti asankhe njira imeneyi? Ngati muli ndi chipinda chotsekeka bwino, chouma ngakhale m'dzinja, maso oona bwino, manja osanjenjemera, ndi munthu mmodzi pakhomo woti aphunzire nanu limodzi, ndinganene kuti kafunseni adokotala anu, mwina ingakuyenereni. Ngati mukukhala anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, kapena kwanu madzi amalowa m'nyumba mvula ikagwa monga zimachitikira ku Kanyama, ganizani kawiri. Ndipo ngati mumadzidziwa kuti ndinu munthu wa "n'pang'ono chabe", monga ndinalili ine usiku uja, makina a kuchipatala angakusungeni bwino kuposa inu eni. Palibe Sabata, palibe Khirisimasi. Pali masiku amene ndimayang'ana msomali uja n'kumva kutopa kofika m'mafupa.

Komabe ndikusoka. Mlungu uno ndili ndi madiresi asanu ndi awiri a operekeza mkwatibwi. Adokotala anandiuza poyera kuti nembanemba sigwira ntchito imeneyi mpaka kalekale, tsiku lina ndikhoza kubwerera pampando uja. N'chifukwa chake fistula ya pamkono wanga wamanzere, pamene adokotala analumikiza mitsempha kuti makina azikokerapo magazi, ndimaisamalabe. M'mawa uliwonse ndimaikapo zala kumva ngati ikunjenjemera, ndipo sindilola aliyense kundiyeza BP kapena kunditenga magazi kumkono umenewo.