Epilator yanga patatha miyezi 11: miyendo yasalala, koma batire landitopetsa

Sabata yatha mlamu wanga wa ku Chilomoni ananditumizira uthenga pa WhatsApp wakuti, "Alamu, kodi makina anu ozulira cheya aja akugwirabe ntchito? Ndikufuna kugula anga ndikalandira." Uthengawo unandipeza m'minibasi ndikuchokera ku Limbe, komwe ndinapita kachitatu kukadandaula za makina omwewo, choncho ndinaona kuti yankho lachidule silingawathandize.

Kwa amene sanaionepo, epilator simeta ngati lezala. Kumutu kwake kuli tizitsulo tambiri topanira, timene timazungulira mothamanga n'kumazula cheya ndi muzu womwe. N'chifukwa chake miyendo yanga imakhala yosalala pafupifupi milungu itatu, pamene kale ndinkameta kawiri pa sabata. Liwiro lake n'losintha pawiri, ili ndi kanyali kounikira pakhungu, ndipo mutu wake umachotseka n'kutsukidwa pampopi. Zonsezi zikugwira ntchito mpaka lero. Ululu ulipo ndithu. Tsiku loyamba ndinalengeza misozi nditafika pa akakolo ndi kuseri kwa mawondo, koma pofika ulendo wachinayi unali wopiririka, chifukwa cheya sichimera chonse nthawi imodzi, ndipo chozula chimakhala chochepa. M'khwapa ndinayesa kawiri n'kusiya, ndipo kumeneko ndimagwiritsabe ntchito lezala.

Chimene wogulitsa sanandiuze n'chakuti cheya chopotana ngati chathuchi, chikamameranso, china chimapindikira mkati mwa khungu n'kuchititsa tiziphuphu, ndipo tikapola timasiya madontho akuda amene amatenga miyezi kuti azimiririke. Zimenezi zinandichitikira kwambiri mu June ndi July, nthawi ya chiperoni, khungu litauma. Zinachepa nditayamba kudzikhula ndi chinkhupule dzulo lake, kusamba madzi ofunda ndisanayambe, kudikira kuti cheya chifike mamilimita awiri kapena atatu, komanso kuimika makinawo chilili n'kumawayendetsa pang'onopang'ono motsutsana ndi kumene cheya chagonera, dzanja lina litakoka khungu. Ndimachita zimenezi madzulo kuti kutupa kukhale kutatha pofika m'mawa.

Vuto limene landikhalitsa pansi ndi la batire. Ndinasankha yopanda chingwe chifukwa wogulitsa anandiuza kuti ndi yoyenera kuno, kumene magetsi amazimazima, ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Miyezi yoyambirira, ndikaitchaja ola limodzi inkamaliza miyendo yonse iwiri n'kutsalako moto. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi inayamba kufooka pakangotha mphindi 15. Kufookako n'kumene kumapweteka, chifukwa tizitsulo tija tikamazungulira mwaulesi timangokoka cheya n'kuchidula pakati m'malo mochizula, ndiye khungu limawawa koma ntchito osaoneka. Ndinaganiza zoti ndiziigwiritsa ntchito ili pachaja, koma ndinapeza kuti siiyaka chingwe chikalumikizidwa. Makina ambiri olowa nawo m'bafa anapangidwa motero dala, poteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi pamalo onyowa. Chifukwa chake n'chomveka, koma ndikanadziwa zimenezi ndili m'sitolo ndikanasankha mosiyana.

Tsiku limene ndinakhumudwa zedi linali Lachisanu lina, mawa lake kuli chinkhoswe cha mdzukulu wa amalume ku Bangwe. Ndinamaliza mwendo wakumanzere, ndipo nditangoyamba wakumanja kanyali kofiira kanayamba kuphethira, makinawo n'kuzima. Magetsi anali atazima kuyambira masana. Ndinamalizitsa ndi lezala ndikuunikira ndi foni, ndipo milungu iwiri yotsatira mwendo umodzi unali wosalala pamene wina cheya chinali chikubaya.

Chaja nachonso chili ndi mlandu wake. Chinabwera ndi pulagi ya mano awiri ozungulira, pamene masoketi a m'nyumba zathu ndi a mano atatu, ndiye ndinagula adaputala imene inkagwedera, moti nthawi zina ndinkaganiza kuti makina akutchaja pamene sakutchaja. Kumapeto kwake kolowa m'makina n'kwa mtundu wakewake, si USB, ndipo ndazungulira mumsika wa Limbe ndi m'masitolo angapo a m'tauni osachipeza.

Ndinagula epilator imeneyi pa K78,000 m'sitolo ina ya zodzoladzola. Mtsikana wogulitsa anandiuza pakamwa kuti ikavuta m'miyezi isanu ndi umodzi ndikaibweze, koma palisiti analembapo mtengo ndi tsiku basi. Ndinapitako mwezi wachisanu ndi chiwiri utangoyamba, ndipo anandiyankha kuti, "Amayi, katundu wamagetsi sitibweza, mwinanso ndi magetsi a kwanu amene awononga batire." Ulendo wachiwiri anandiuza kuti mwini sitolo ali ku Johannesburg ndipo adzabweretsa chaja chatsopano kuti tiyesere. Ulendo wachitatuwu chaja sichinabwere, m'malo mwake anandilonjeza kundichotserako pang'ono ndikagula makina ena. Mnyamata wina wokonza mafoni anandiuza moona mtima kuti batire angathe kulisintha, koma akatsegula makinawo sadzathanso kutchinga madzi. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma ndilibe pepala losonyeza lonjezo lija, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa batire lenilenilo.

Pa nkhani ya ndalama maganizo anga amasinthasintha. Ndikakumbukira malezala, mafuta ochotsera cheya ndi ndalama zimene anzanga amasiya ku saluni mwezi ndi mwezi, ndimaona kuti sindinataye kwambiri. Koma chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja si wogula chaka ndi chaka, ndipo makina a mtengo wotere amayenera kutha zaka zingapo asanafooke.

Alamu anga ndinawauza kuti agule, koma asankhe yachingwe, monga zimene Philips ndi Braun amapanga, poti ntchitoyi imachitika kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu ndipo munthu angathe kudikira tsiku limene magetsi alipo. Ndinawauzanso kuti aiyatse ali m'sitolo momwemo, aonetsetse pulagi yake, afunse ngati chaja ndi mutu wake zimapezeka pazokha, ndipo asapereke ndalama mpaka miyezi ya waranti italembedwa palisiti ndi kudindidwa. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tikumane pa Ginnery Corner tipitire limodzi, ndipo ineyo ndikafunsanso mtengo wa yachingwe.