Mudzi wa agogo ndinaupeza ku Mayo, koma pasipoti sindinaione

Abale anga kumudziko, makamaka inu amene amakutchani makaladi ngati ine, amene mwakhala mukundilembera kuti mwamva zoti munthu ukakhala ndi agogo a ku Ireland pasipoti imangobwera, ndiloleni ndiyankhe nonse pamodzi. Nkhani imeneyi yandidyera mayuro 905. Pa ndalama zonsezo, zomwe zinagwira ntchito ndi mayuro 100 okha. Zinazo ndinachita kutaya, ndipo ndi ndalama zomwe ndinazipeza posambitsa okalamba usiku kuno ku Dublin.

Mayi anga anabadwa mu 1957 ku Thyolo. Bambo awo anali mzungu wa ku Ireland amene ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi, ndipo anachoka mu 1963 osabweranso. Agogo aakazi anamwalira akudziwa zinthu ziwiri zokha za mzunguyo: dzina lomwe antchito anamupatsa, ndi dzina la bambo ake m'matchulidwe athu achimudzi. Ine ndinabwera kuno ngati mwana wa sukulu, ndipo mukudziwa kale mmene zimakhalira: maola 20 a ntchito pa sabata, mayuro 300 a khadi ya chilolezo chokhalira kuno nthawi iliyonse yowonjezera, komanso zaka za sukuluzo saziwerengera pa zaka zisanu zofunika kuti upemphe unzika. Ndiye nditamva za Foreign Births Register, kaundula wa Ireland wolembamo nzika zobadwira kunja, mtima unadumpha. Lamulo lake ndi loona: ngati mmodzi wa agogo ako anabadwira pa chilumba cha Ireland, kaya kumpoto kaya kumwera, utha kulembetsa n'kukhala nzika, ndipo wamkulu amalipira mayuro 278. Koma umayenera kulumikiza mapepala kuchokera kwa agogowo mpaka kwa iwe popanda kuduka paliponse. Mawu omalizawa ndi amene madobadoba sakuuzani.

Dobadoba wanga ndinamupeza pa gulu la WhatsApp la anthu akuda okhala kuno. Amayankhula bwino, amatumiza zithunzi za mapasipoti ofiirira ali m'manja mwa anthu osekerera. Anati mayuro 450 akwanira zonse, ndipo pakutha milungu isanu ndi umodzi ndikhala ndi mudzi wa agogo, satifiketi yawo ndi fomu yodzaza kale. Ndinalipira. Sabata yachitatu anaimba kuti zolemba zonse za Ireland zinapsa mu 1922, choncho pafunika mayuro 120 ena oti apatse munthu wa mkati amene amasunga zotsala. Ndinalipiranso. Kenako anati satifiketi yobadwira ndi mayuro 60. Abale, satifiketi imeneyo ku General Register Office, ofesi ya boma yosunga kaundula wa obadwa ndi omwalira, ndi mayuro 20, ndipo aliyense atha kuitanitsa yekha! Patatha miyezi itatu anandipatsa emvulopu. Munali satifiketi ya mwana wobadwa mu 1919 ku Cork, dzina lake ndendende la agogo, ndi chipepala chokongola cha chizindikiro cha banja chokhala ndi mkango ndi chisoti. Chikomekome cha mkuyu. Pambuyo pake ndinamva kuti ku Ireland zizindikiro zimenezo amapatsa munthu payekha, si za aliyense wa dzinalo ayi, ndipo zongosindikizazo zili mbwee m'mashopu a alendo. Za fomu anati ndidikire. Lero nambala yake sipezekanso.

Pakati apo ndinagulanso zoyezera DNA za malovu zija, mayuro 85 pamodzi ndi positi. Zinandiuza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi anga ndi la ku Ireland, chinthu chomwe galasi linandiuza kalekale. Kuti ndione mayina a achibale anati ndilowe ulere kwa masiku 14, koma ndisiye nambala ya khadi ya banki. Anadula mayuro 30 mwezi uliwonse kwa miyezi itatu ndisanazindikire, ndipo pobweza anakana kuti ndinavomera ndekha m'timalemba ting'onoting'ono. Dziwaninso kuti zotsatira zogula chonchi sizili pa mndandanda wa mapepala ofunika polembetsa unzika.

Munthu mmodzi woona mtima ndinakumana naye chifukwa cha agogo ena amene ndimawasamalira kuntchito. Anandilozera kwa mayi wina wachikulire amene ntchito yake ndi yofufuza mibadwo ya anthu, ndipo amalipiritsa mayuro 40 pa ola. Ananena mtengo tisanayambe ndipo sanawonjezepo kanthu. Atayang'ana satifiketi ya ku Cork ija anangondifunsa kuti, "Mukudziwa bwanji kuti ndi iyeyu?" Ndinasowa chonena. Anatsegula kompyuta, nalowa pa irishgenealogy.ie, tsamba la boma laulere, ndipo pasanathe mphindi khumi anandionetsa kaundula wa imfa. Mwana wa ku Cork uja anamwalira mu 1921 ali ndi zaka ziwiri. Ndinakhala miyezi inayi ndikulira maliro a munthu wina, ndikuuza mayi pafoni kuti bambo awo anali a ku Cork.

Mayi ofufuza mibadwo aja anandifotokozera za moto wa 1922 uja. Unachitikadi, pa 30 June, ku Four Courts mu Dublin, nyumba za makhoti komwe kunalinso kosungira zolemba zakale za boma, poyambira nkhondo yapachiweniweni. Munapsa makalembera a 1821 mpaka 1851, mawilu ambiri, ndi makaundula ambiri a mpingo wa Church of Ireland. Makalembera a 1861 mpaka 1891 boma linali litawononga kale lokha. Koma kaundula wa boma wa obadwa, okwatirana ndi omwalira, amene anayamba kwa anthu onse mu 1864, sanali m'nyumba imeneyo ndipo alipo. Obadwa zaka zoposa 100 zapitazo, maukwati a zaka zoposa 75 ndi imfa za zaka zoposa 50 mutha kuziona nokha pa foni muli ku Bvumbwe, osalipira ngakhale tambala kupatula bandulo. Makalembera a 1901 ndi 1911 ali pa tsamba la National Archives, aulere. Makaundula a ubatizo a Akatolika ofika cha m'ma 1880 anawaika pa intaneti a National Library mu 2015, aulerenso. Munthu wa mkati woti alandire mayuro 120 kunalibe.

Kenako ananena chinthu chomwe dobadoba sakananena: kuti ndisamulipirenso ola lina mpaka nditafunsa kwathu. Anati dzina lokha silipeza munthu ku Ireland. Mayina ngati Murphy, Kelly ndi Walsh ali ponseponse, ndipo m'banja mwana woyamba wamwamuna ankamutcha dzina la agogo ake, choncho mayina omwewo amangobwerezabwereza. Chofunika ndi townland, kachigawo kakang'ono ka malo kofanana ndi mudzi wa nyakwawa kwathu. Tizigawo timeneti tilipo toposa 60,000 m'maboma 32, ndipo tambiri tili ndi mayina ofanana. Anati yankho likhala m'nyumba mwa munthu wina ku Malawi.

Ndinaimbira amalume ku Luchenza. Anatenga masiku atatu akufukula thiranki ya malemu agogo, ndipo pansi pa nsalu ndi makadi a msonkho anapeza emvulopu ya 1959 yomwe mlongo wake wa mzunguyo anamulembera. Agogo sankadziwa kuwerenga, anangoisunga chifukwa inali yake. Pamwamba pa kalatayo panali dzina la townland ndi mawu akuti Co. Mayo, kutanthauza boma la Mayo ku Ireland. Ola lachiwiri la mayi aja linathera pamenepo. Tinapeza makolo ake mu kalembera wa 1911 ali ndi ana anayi, mmodzi mwa iwo mlongo wolemba kalata uja. Tinapeza iye mwini m'kaundula wa obadwa mu 1919, townland yomweyo, dzina la mayi ake la kuchitsikana likugwirizana. Tinapezanso dzina lake pa mndandanda wa okwera sitima yapamadzi yopita ku Beira mu 1948, ali ndi zaka 29. Satifiketi yeniyeni ndinaitanitsa ndekha, mayuro 20.

Inu amene mumalota chuma cha azungu, mverani zomwe kalembera uja analemba za nyumba yawo: zipinda zitatu, denga laudzu, mawindo atatu kutsogolo, khola la ng'ombe ndi khola la nkhumba. Bambo a mzunguyo anali mlimi wamng'ono woyankhula Chiairishi ndi Chingerezi. Mayo ndi dera lomwe njala ya m'ma 1840 inapululako anthu, ndipo ana ake akhala akuthawa umphawi kupita ku England ndi ku America monga mmene ifeyo tikuthawira lero. Bwana wa ku Thyolo kwawo anali mwana wa mlimi wosauka. Palibe munda ukukudikirani kuno, ndipo musakongole katapila kapena kugulitsa puloti ya makolo chifukwa cha maloto amenewo.

Tsopano za pasipoti. Pepala la agogo ndili nalo, langa ndili nalo, koma pakati paduka. Nthawi ya atsamunda kulembetsa ana obadwa kunali kokakamiza kwa azungu ndi amwenye, osati kwa anthu akuda, ndipo mzunguyo sanapite kukalembetsa mayi anga. Chomwe chilipo ndi khadi ya ubatizo ya ku mishoni, ndipo pomwe pamayenera kukhala dzina la bambo palibe cholembedwa. Popanda pepala lovomerezeka lonena kuti mayi anga ndi mwana wa munthu ameneyu, mayuro 278 aja sindinatumize. Wina kumudzi konko anandiuza kuti ndi K400,000 andipangira satifiketi yokhala ndi dzina lomwe ndikufuna. Ndinakana, ndipo inunso kanani. Pepala labodza likagwidwa kuno ndi mlandu, ndipo umataya ndi chilolezo chomwe unali nacho kale. Enanso mwandilembera kuti mzungu wanu anali bambo wa agogo anu. Pamenepo njira ndi yotseka, pokhapokha kholo lanu litalembetsa inu musanabadwe. Ngakhale ine zikanatheka, unzika umayamba tsiku lomwe walembedwa, choncho ana anga awiri obadwa kale sakanaupeza kudzera mwa ine. Fufuzaninso kuti anabadwira kuti, chifukwa ambiri amene ankadzitcha a ku Ireland anabadwira ku Glasgow kapena ku Liverpool, ndipo zikatero lamulo la agogo siligwira.

Ngati mukufunabe kuyamba, yambani ndi okalamba akadali moyo. Safunsa anadya phula. Jambulani kalata iliyonse, kuseri kwa chithunzi chilichonse, pitani ku mishoni mukaone kaundula wa ubatizo ndi maso anu, funsani kwa osunga zolemba zakale ku Zomba. Musatumize ndalama kwa munthu aliyense amene akulonjeza pasipoti asanaone pepala la kholo lanu.

Mwezi wa June ndinakwera sitima pa siteshoni ya Heuston kuno ku Dublin, maola atatu mpaka ku Castlebar m'boma la Mayo, kenako takisi ya mayuro 35. Nyumba zakumidzi kuno zilibe manambala, ndiye dalaivala anaima pakhomo pena kufunsa. Bambo wina wa zaka zoposa 80 atamva dzinalo anati, "Aja amene mwana wawo anapita ku Africa?" ndipo anatitengera yekha kumeneko. Kwatsala makoma amiyala ofika m'chiuno, nkhosa zikudya m'kati. Kumanda kuli mwala wa makolo ake, koma iye palibe, anati anamwalirira ku England komwe anakwatira n'kubereka ana ena. Ndinaimbira mayi pa vidiyo ndili chiimire pakhomo la nyumbayo. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anafunsa ngati pali amene ali ndi chithunzi cha nkhope yake, chifukwa anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene ankachoka ndipo sakuikumbukira. Bambo wachikulire uja anandipatsa adiresi ya mmodzi wa ana a ku England. Ndinalemba kalata sabata yomweyo, ndinalembanso ina mu September, ndipo mayi amandifunsa Lamulungu lililonse ngati ayankha.