Miyezi 16 ndi makina okwera otchetchera kapinga a magetsi

Papita miyezi 16 chigulire makina okwera otchetchera kapinga oyendera batire, koma akale a petulo aja sindinawagulitse, adakali m'shedi. Ndiye ndawaona onse awiri akugwira ntchito pamalo amodzi, okula kupitirira pang'ono ekala imodzi, udzu uli wonyowa komanso uli wouma.

Chimene chinayamba kundigwira mtima ndi bata. Tsiku lina ndikutchetcha pafupi ndi khonde, mwana wanga anandiitana kuti ndidzaone chisa cha mbalame, ndipo ndinamumva makina ali chiyakire. Zaka zonse za petulo zija munthu ankachita kundikodola ndi manja. Ndikatsika, zovala sizinunkha utsi, m'makutu simulira.

Ntchito yosamala makina nayo inachepa. Kusintha oyilo pakatha maola 50, mapulagi, sefa ya mpweya, malamba olira akakalamba, kabuleta yotsekeka chifukwa cha petulo wokhalitsa, zonsezo ndinasiyana nazo. Mpeni uliwonse uli ndi mota yakeyake. Chatsala ndi kunola mipeni, kupala udzu womata kunsi ndi kupopa matayala.

Koma nkhani yonse yagona pa batire, ndipo apa ndinaphunzira movutikira. Makina anga anabwera ndi mabatire anayi a mtovu, a 12V iliyonse, olumikizidwa motsatizana kuti apereke 48V. Papepala, 48V kuchulukitsa ndi 100Ah, womwe ndi mlingo wa moto umene batire iliyonse imasunga, zimapereka mphamvu ya 4.8 kWh. Chimene sindinkachilabadira n'chakuti batire ya mtovu siifuna kukhetsedwa kupitirira theka kawirikawiri, komanso imawonongeka ikasiyidwa yopanda moto. Ine ndinachita zonse ziwiri. Ndinachokapo milungu ingapo osalumikiza tchaja, ndipo patatha miyezi 10 chigulire, makina amene ankamaliza malo onse moto n'kutsalako anayamba kufooka kutatsala kachigawo ka kuseri kwa nyumba. Nditayeza ndinapeza kuti batire imodzi yokha ndiyo inafooka, koma imodziyo inkakokera zinzake zonse pansi. Zinandipweteka, chifukwa linali vuto lopeweka.

Ndinaikamo batire ya lithium, mtundu wa LiFePO4. Inandidya m'thumba, komabe sindinong'oneza bondo. Mphamvu imakhala chimodzimodzi mpaka kumapeto, ndipo mtundu umenewu umapirira kutchajidwa kambirimbiri kuposa wa mtovu. Kungoti ogulitsa sakuuzani zonse. Imafuna tchaja yakeyake. Kamuyezo ka moto ka pachiwongolero kanayamba kunama, kumaonetsa kuti batire ndi yodzaza kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Siyenera kutchajidwa kukazizira kutsika pa 0°C. Ndipo poti ndi yopepuka kwambiri, matayala akumbuyo anayamba kuterereka pachitunda udzu ukakhala ndi mame.

Nanga akale aja, bwanji osangowasandutsa a magetsi? Funso limeneli linandisowetsa tulo, chifukwa thupi lake ndi lachitsulo chabwino, lolimba kuposa la atsopanowa. Ndinakhala pansi ndi cholembera. Pamafunika mota yotha kuzungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi ngati injini yake, yoima chilili kuti igwirizane ndi malamba. Pamafunikanso kontirola yowongolera liwiro la mota, fyuzi, switchi yaikulu yodulira moto, mawaya onenepa, tchaja, chitsulo chokhazikapo motayo, ndiyeno batire. Batire yokhayo inatenga kupitirira theka la ndalama zonse. Chinandigwetsa mphwayi kwambiri n'chakuti malamba ndi giya yoyendera oyilo zimatsalabe momwemo, ndipo zimadya mphamvu ina isanafike ku mipeni ndi ku matayala. Injini ya petulo siidandaula nazo zimenezo, chifukwa lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi 9 kWh, ndipo ngakhale yambiri imatayika ngati kutentha, thanki imadzaza m'mphindi ziwiri. Batire ilibe mphamvu yotaya chotere. Kuti makina osandutsidwa agwire ntchito yofanana, amafuna batire yokulirapo kuposa ya makina amene anapangidwa a magetsi kuchokera pachiyambi. Nditaphatikiza zonse, ndalama zake zinayandikira mtengo wa makina a magetsi ogwiritsidwapo kale ntchito, osawerengera masiku anga m'shedi.

Choncho ndinaisiya ntchitoyo. Ngati injini yanu yafa, thupi lili bwinobwino, ndipo mumakonda kugwira sipanala ndi mawaya, sandutsani, mudzasangalala. Koma ngati cholinga n'kupulumutsa ndalama, musayambe.

Masiku ano a magetsi ndiwo amatchetcha pafupifupi mlungu uliwonse, ndipo ndikangotsika ndimalumikiza tchaja ndisanavule n'komwe nsapato. A petulo ndimawatulutsa udzu ukanditalikira mvula itagwa masiku otsatizana, chifukwa udzu wautali wonyowa umamaliza batire msanga. Ndikamaliza ndimatseka mpopi wa petulo n'kuisiya injini ilire mpaka izime yokha, kuti kabuleta itsale youma.