Mahedifoni otchipa a ANC: injini ya basi amaithetsa, kondakitala ayi

Tikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Awa ndi mahedifoni aja akuluakulu ophimba khutu lonse, olumikiza pa Bluetooth, omwe pabokosi amalemba kuti Hybrid ANC (ANC ndi njira yochepetsa phokoso lakunja lomwe limafika m'makutu). Agwira ntchito miyezi isanu kuno ku Dedza, kuyambira mvula ya February mpaka kuzizira kwa June, m'basi za pa M1, mu ofesi yoyandikana ndi jenereta komanso m'nyumba ya malata. Kunja mtundu umenewu umagulidwa cha pakati pa madola 40 ndi 80, pamene mahedifoni odula a Sony WH-1000XM5 anatuluka mu 2022 pa madola 399. Ndiye kuwayerekeza ndi Sony kungakhale kuwalakwira. Zofunika kudziwa ndi zomwe amachita pa ndalama yawoyo, ndi pomwe amayambira kuwonongeka.

Musanatulutse ndalama, werengani bokosi modekha. Ambiri omwe ali m'mashopu a mafoni analembedwa ENC, ndipo wogulitsa angakuuzeni kuti n'chimodzimodzi. Si choncho ayi. ENC imayeretsa mawu anu kuti amene mukuyankhula naye pafoni akumveni bwino, koma m'makutu mwanumo simusintha kanthu. Yochepetsa phokoso lomwe inuyo mukumva ndi ANC. Poyesa sipafunika nyimbo. Valani, yatsani, imani pafupi ndi firiji, jenereta kapena minibasi yomwe injini ikulira, kenaka dinani batani la ANC. Ikakhala yeniyeni, mkokomo uja umangoti zii ngati wina watseka chitseko, ndipo makutu amamveka ngati atsekeka pang'ono, monga amachitira mukamatsika phiri kupita ku Golomoti. Mukadinanso mkokomowo ubwerere. Ngati chasintha ndi kanyali kokha, abwezeni pompo. Onaninso kunja kwa mbali zonse ziwiri: a Hybrid, kutanthauza okhala ndi maikolofoni kunja ndi m'kati momwe, amayenera kukhala ndi timabowo ta maikolofoni.

Mmene zimagwirira ntchito ndi motere. Maikolofoni akunja amatola phokoso lisanafike kukhutu, am'kati amamvera lomwe ladutsa, ndipo kachipangizo kam'katimo kamapanga mafunde a mawu osemphana ndi phokosolo n'kuwatulutsira m'sipika. Mafunde awiriwa akakumana amafafanizana. Nzeruyi ndi yakale: Paul Lueg wa ku Germany anailembetsa m'zaka za m'ma 1930, ndipo kampani ya Bose inayamba kugulitsa mahedifoni otere kwa oyendetsa ndege mu 1989. Koma kachipangizoko kamatha phokoso lokhalo lomwe likubwerezabwereza mofanana komanso la pansi, losapitirira kwenikweni 1,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kusongoka kwa mawu). Lodzidzimutsa ndi losongoka limakhala litalowa kale kasanaliyankhe.

N'chifukwa chake zotsatira zake zili zosiyanasiyana. M'basi yaikulu yochoka pa Dedza kupita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, mkokomo wa injini ndi wa matayala umatsika kwambiri, mpaka mutha kumvera ulaliki kapena phunziro lojambulidwa voliyumu ili patheka. Jenereta ya kuseri kwa khoma imatsala pang'ono kuzimiririka. Pachigayo amagawa pakati: kugunda kwa injini kumachoka, koma kuphokosera kwa chimanga m'kati mwa chigayo kumatsala. Mvula yamvumbi pamalata amaichepetsa bwino ndithu, koma yamatalala imamveka yonse. Kondakitala akamakuwa kuti “Lizulu otsika!”, mwana akamalira pampando wakumbuyo, hutala, tambala, zonsezi muzimva. Zimangofewa pang'ono chifukwa cha masiponji ophimba makutu aja, osati chifukwa cha ANC. Wofuna kugula kuti asamve anthu akucheza mu ofesi adzakhumudwa.

Pali zovuta zitatu zomwe otchipawa amaposera nazo odula. Basi ikagwera m'dzenje kapena wina akamenyetsa chitseko cha minibasi, m'khutu mumamveka kuti phu, chifukwa mpweya wasintha mwadzidzidzi ndipo maikolofoni am'kati alephera kupirira. Si kuti awonongeka. Chachiwiri ndi mphepo. Ikamawomba pa timabowo takunja tija, kachipangizo kamaiyesa phokoso loyenera kulimbana nalo, n'kumapanga phokoso linanso lakelake. Mphepo ya June ndi July kuno, kapena windo lotsegula m'galimoto, ndi yokwanira. Zikatero zimitsani ANC basi. Chachitatu ndi kaphokoso kakuti siii komwe kamamveka usiku kukakhala chete nyimbo isakuyimba. Nyimbo ikayamba simukamvanso.

Theka la ntchito yonse amagwira ndi masiponji. Akapanda kumata bwino kuzungulira khutu, ANC imafooka ndipo besi, mawu onenepa a pansi aja, imathawa. Miyendo yokhuthala ya magalasi, duku, tsitsi loluka lalikulu, ngakhale chipewa chaubweya chomwe timavala kunoku m'mawa, zonse zimasiya mpata. Njira yodziwira ndi iyi: nyimbo ikuyimba, kanikizani mbali zonse ziwiri ndi manja. Besi ikawonjezereka, ndiye kuti pali podutsa mpweya. Kwezani chipewa chikhale pamwamba pa makutu, sunthani lamba wapamutu mpaka khutu likhale pakati penipeni. Kuzizira kwa Dedza, tawuni yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumawakomera, poti amafunditsa makutu bwino kuposa chipewa chimene. Koma mukatsikira nawo ku Bwanje mu October, ola limodzi silitha makutu asananyowe ndi thukuta.

Kamvekedwe kake ndi kabwino poyerekeza ndi mtengo. Masipika ake ndi a 40 mm, monga ambiri amtunduwu, ndipo amabwera besi itachuluka moti imaphimba mawu a woyimba. Makwaya ndi nkhani ndi zomwe zimavutika. Mu ikwalaiza ya foni, posinthira kamvekedwe ka mawu, tsitsani pa 100 mpaka 200 Hz ndi 3 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu), kwezani pang'ono pa 2,000 mpaka 4,000 Hz, mawu aonekera. Mawu akuti Hi-Res apabokosi, olonjeza kamvekedwe kapamwamba, asakutengeni mtima. Pa mahedifoni omwe ali ndi SBC ndi AAC zokha (njira zotumizira mawu pa Bluetooth), Hi-Res imangogwira mukamamvera pachingwe, ndipo nyimbo yomwe yadutsa pa WhatsApp kangapo ilibenso choti Hi-Res ingaonetse.

Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha kuyimba foni. Maikolofoni ali kutali ndi pakamwa, choncho m'chipinda mumamveka bwino, koma pamsika kapena padepoti winayo amamva mawu anu akuduladula. Komanso Bluetooth ikangotsegula maikolofoni, imasiya njira ya nyimbo n'kulowa njira ya matelefoni yomwe ndi yopapatiza. Ndiye pa Zoom, pamene maikolofoni a mahedifoni asankhidwa, mawu onse amamveka ngati akuchokera m'chitini. Pakompyuta sankhani maikolofoni a laputopu, mahedifoni azingotulutsa mawu. Mavidiyo a pa YouTube amayenda limodzi ndi milomo chifukwa foni imachedwetsa chithunzi dala, koma m'magemu mawu amatsalira m'mbuyo pang'ono ndipo zimaonekera.

Okonda kumvera mpira pa wailesi ya m'foni, dziwani ichi: FM ya m'mafoni ambiri imagwiritsa ntchito chingwe cha mahedifoni ngati eriyo, ndiye pa Bluetooth yokha siyaka. Lumikizani chingwe cha 3.5 mm chomwe chimabwera m'bokosi, iyamba kugwira. Chingwecho chisungeni bwino, chimathandizanso batire ikatha, ngakhale kuti mahedifoni ali ozima mawu amapyapyala ndipo ANC sigwira.

Batire ndiye mbali yawo yamphamvu. Pabokosi analemba maola 40 ANC ili yoyaka. Voliyumu ili pa 60 peresenti amadutsa maola 30 mosavuta, kutanthauza kuti womvera maola anayi patsiku amatchaja kamodzi pasabata. Kudzaza kumatenga maola awiri kapena kuposera pang'ono, pa USB-C ya 5V. Chaja yothamanga siwadzaza msanga, iwo amangotenga mphamvu yochepa yomwe akufuna. Vuto limabwera pa pawabanki. Mahedifoni amakoka magetsi ochepa kwambiri moti mapawabanki ena amaganiza kuti palibe chalumikizidwa, n'kuzima okha patangopita mphindi zochepa. Mumadzuka m'mawa batire ili pomwe inali. Ambiri ali ndi njira ya zipangizo zing'onozing'ono, yomwe imayaka mukadina batani kawiri kapena mukaligwira kwa masekondi angapo. Pasola, tchajani kudzera pa USB ya kontirola kapena pawabanki, osati timapanelo tija tolumikiza mwachindunji, poti mphamvu yake imakwera ndi kutsika mtambo ukadutsa. Ndipo akakhala pachaja sayimba, ndiye musadalire kuti mutchaja mukumvera.

Batire ya lithium imayamba kufooka ikadzazidwa ka 300 mpaka ka 500. Pa kamodzi pasabata zimenezo ndi zaka zingapo. Imafa msanga ndi zinthu ziwiri: kuisiya pa ziro kwa miyezi, ndi kutentha, monga kusiya mahedifoni kutsogolo kwa galimoto padzuwa.

Choyamba kutha si batire, ndi masiponji ndi popindira. Chikopa cha masiponji si chenicheni, ndi nsalu yokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala. Thukuta ndi mafuta odzola zimakadya, kamayamba kung'aluka m'mphepete, kenaka kumatsalira timidontho takuda m'makutu ndi pakolala. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono kawiri kapena katatu pasabata. Sipiriti ndi sanitaiza ayi, zimaumitsa chikopacho. Pa awa masiponji amachotseka, ali ndi timano togwirira, ndiye mutha kusintha. Yezani m'litali ndi m'lifupi mu mamilimita musanaitanitse ena, chifukwa ozungulira salowa pa a maonekedwe a dzira.

Popindira paja ndi pa pulasitiki, ndipo pamalandira mphamvu yonse mukamavala. Kuvula ndi dzanja limodzi mokokera mbali imodzi, kugona nawo chammbali, kapena kuwaponya m'chikwama pansi pa mbatatesi ndi kabichi wa pa Lizulu, ndi zomwe zimang'alula pamenepo. Gwirani mbali zonse ziwiri, tambasulani pang'ono chabe. Mukaona kamng'alu, musadikire. Supagulu yekha sagwira chifukwa malowo amapindika nthawi zonse. Matani ndi epoxy ija yosakaniza machubu awiri, mangani ndi kalamba kapulasitiki komangira mawaya, musiye tsiku lathunthu, ndipo samalani kuti guluu asafike pa kawaya komwe kamadutsa m'katimo kupita mbali inayo. Kawayako kakaduka, mbali imodzi imangokhala duu.

Akakana kutchaja, yambani mwayang'ana doko la USB-C. Fumbi la chilimwe limaunjikana m'katimo mpaka chingwe sichifika pansi. Chotsani ndi kamtengo kotokosera m'mano mahedifoni ali ozima, osati singano. Za madzi, pabokosi palibe chizindikiro cha IP chosonyeza kupirira madzi, ndiye mvula ndi chifunga cha ku Bembeke si zawo. Akanyowa musawayatse kapena kuwatchaja kwa masiku awiri.

Bluetooth imafika mamita 10 pamalo opanda chotchinga, ndipo makoma awiri a njerwa amaidula. Imayenda pa 2.4 GHz limodzi ndi Wi-Fi, kotero nyimbo ikamaduka muli pafupi ndi rauta, sunthani pang'ono. Amatha kulumikiza foni ndi laputopu nthawi imodzi, zomwe n'zabwino mpaka uthenga wa pa laputopu utaduliza nyimbo ya pafoni. Akayamba kusokoneza, afafanizeni pamndandanda wa Bluetooth wa zipangizo zonse ziwiri, abwezereni poyambira monga kabuku kawo kanenera, kenaka lumikizani foni poyamba.

Phindu lenileni la ANC lili pa makutu anu. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pasabata pa 80 dB, ndipo mukangokweza ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati. M'basi, ndi timahedifoni wamba, munthu amakweza mpaka kumapeto kuti apose injini. Ndi awa voliyumu ya theka imakwana. Koma pamsewu kukomaku ndi komwe kumaika moyo pachiswe, popeza mkokomo wa lole yobwera kumbuyo ndi phokoso lomwe ANC imathetsa bwino kuposa lina lililonse. Woyenda m'mbali mwa M1 pa Lizulu tsiku la msika, wopalasa njinga, wa kabaza, avule. Batani lolowetsa mawu akunja lilipo, koma pa otchipawa silikuuzani bwino mbali yomwe galimoto ikuchokera.

M'shopu, musanachoke, mverani mbali zonse ziwiri ANC ili yoyaka komanso itazima, yesani chingwe cha 3.5 mm, lumikizani pachaja muone nyali, pindani ndi kutambasula kangapo mukumvetsera ngati pakulira. Imbirani munthu foni muli pakhomo la shopu pomwe pali phokoso, mumufunse mmene akukumverani. Wogulitsa alembe pa risiti masiku omwe mungabweze, ndipo bokosi musalitaye masikuwo asanathe.