Kachipinda koyatsira petulo: passive kapena active?

Amakanika a kuno ku Chipata kachipinda aka ka mu hedi ya injini sikachilendo, ma Hilux akale a dizilo a injini zotchedwa 2L ndi 3L anali nako, mokhala glow plug (pulagi yotenthetsa polizitsa injini) muja. Pa petulo pulagi imayatsa moto mkati mwa kachipindako, kenako malawi amatuluka pa timabowo ting'onoting'ono nkuyatsa silinda yonse kamodzi.

Pali mitundu iwiri. Passive ndiyosavuta, ilibe injekita yakeyake, pisitoni ikamakwera ndiyo imakankhira mpweya wosakaniza ndi petulo mkatimo. Vuto lake ndi pa aidulo komanso mmawa injini ikazizira, utsi wotsala sutuluka bwino ndiye imayaka mokayikira, nchifukwa chake Maserati pa galimoto yawo ya MC20 ya 2020 anaikanso pulagi yachiwiri pambali, kunja kwa kachipindako.

Active ili ndi njira yake ya mafuta. Injini ya Honda CVCC ya m'ma 1970 inali ndi kavalavu kachitatu kolowetsa mafuta m'kachipindako, zamakono zimaika kainjekita, basi silinda yaikulu imayaka ndi petulo wochepa kwambiri, mpweya wambiri. Mafuta mupulumutsa ndithu koma zida zachuluka, mtengo nawo wakwera, malo pa hedi ndi ochepa.

Ine ndi fumbi la mseu wa ku Chadiza ndingasankhe passive poti zida zake ndi zochepa, ngakhale timabowo take nato tikhoza kutsekeka ndi kaboni.