Situdiyo ya pa Kamuzu Road inayeretsa mwana wanga pa zithunzi za chinkhoswe

Ndadikira milungu itatu chilandirireni alubamu ya chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi kuti mtima uyambe wakhala pansi ndisanalembe ndemangayi. Tinalipira K220,000 ya zithunzi ndi vidiyo ku situdiyo ina ya pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndalama ya mpunga wathu wa ku Lifuwu, ndipo pa tsiku la mwambowo wojambula anafika m'mawa ndithu monga tinapanganira.

Vuto linaoneka tsiku limene tinatsegula alubamuyo pakhonde, abale atasonkhana. Mwana wanga ndi wakuda bii ngati bambo ake, ndi wathupi, ndipo ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo umene anthu akhala akumuyamikira nawo kuyambira ali wamng'ono. Amene tinamupeza m'zithunzimo ndi mtsikana woyera mbuu, wa mphuno yosongoka ndi mano ogundana, amene chiuno chake anachifinya mpaka mpanda wa bango umene unali kumbuyo kwake unapindika. Manja okha ndiwo anawaiwala, moti pa chithunzi chimene akulandira thadzi nkhope ndi ya munthu wina, manja ndi a mwana wanga. Amayi anga anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti, "Kodi mwanawe, mkamwini wathu uja anatomeranso wina?" Anthu anaseka, koma mwiniwake wa chinkhoswe anadzuka mwakachetechete n'kukadzitsekera m'chipinda. Pa mwambo paja mkamwini anamuzindikira atafunda chitenje kuchokera kumutu mpaka kumapazi pakati pa atsikana anzake, koma pa chithunzi chimene tinalipira ndalama zathu agogo ake enieni analephera kumudziwa. Agogowonso sanawasiye: mphini za pamasaya pawo, zimene anatema ali namwali, anazifufuta ngati ndi litsiro la pa galasi la kamera.

Nditapita kukadandaula ndinapeza chithunzi chomwecho, chokulitsidwa, atachipachika pa chikwangwani cha panja pamodzi ndi manambala awo a foni, ndipo ndinamva kuti chilinso pa tsamba lawo la Facebook. Palibe amene anatipempha chilolezo. Mwini situdiyo sanadzuke pampando. Anandiyankha maso ali pa foni kuti, "Amayi, masiku ano aliyense amafuna choncho, tikapanda kuwalitsa nkhope makasitomala amatibwezera zithunzi." Anandilozeranso makalendala ndi zithunzi zotsatsa mafuta odzola zimene anamata pakhoma, ngati kuti akazi a pamenepo ndiwo muyeso wa ana athu.

Mawu akuti aliyense amafuna choncho ndi amene anandiwawa kwambiri, chifukwa si zoona ngakhale kumene makompyutawa amachokera. Ku France, kuyambira mu 2017, chithunzi chotsatsa malonda chimene thupi la munthu lachepetsedwa kapena kunenepetsedwa pa kompyuta chimayenera kulembedwa kuti chakonzedwa, ndipo dziko la Norway linayamba kutsatira lamulo lofanana nalo mu 2022. M'chaka chomwecho cha 2017, katswiri wa mafilimu Lupita Nyong'o wa ku Kenya anadzudzula poyera magazini ya Grazia itamuchotsa mbali ina ya tsitsi lake lachibadwa pa chikuto, ndipo wojambulayo anapepesa. Ine pepani sindinamumve. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwana wa mng'ono wanga, wazaka 15, ataona alubamuyo anandinong'oneza kuti ndimufunsire dzina la mafuta amene mkulu wake anadzola. Mafuta oyeretsa khungu oterowo, ena okhala ndi mankhwala otchedwa hydroquinone kapena mercury, dziko la Côte d'Ivoire linawaletsa mu 2015 chifukwa amawononga khungu, koma kuno mtsikana akhoza kuwapeza pamsika popanda womufunsa, ndipo tsopano chikwangwani cha pamsewu chikuwatsatsira malonda ndi nkhope ya mwana wanga.

Komabe sindingakhale wachilungamo ndikanena kuti zonse zinali zoipa. Vidiyo ndi yabwino kwambiri, mawu a ankhoswe akumveka bwino ngakhale pa nthawi ya perekaniperekani pamene zokuzira mawu zinali pamwamba, ndipo mmenemo mwana wanga akuoneka monga alili. Mnyamata amene amakhala pa kompyuta anandilondola panja, anagwira m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi, mundikhululukire, ndimachita zimene abwana andiuza, koma zithunzi zoyambirira sindinazitaye." Tsiku lotsatira anandiikira zonse pa fulashi osandilipiritsa. Nditaziona ndinazindikira kuti wojambula uja ntchito yake amaidziwa: pali chithunzi china chimene dzuwa la madzulo lawala pa tsaya la mwana wanga akuseka, mpata wa mano uli poyera, agogo ake atamugwira paphewa mphini zikuoneka bwinobwino. Chimenecho ndi chimene tachitsukitsa kwina ndipo chili pabalaza.

Ndikupereka nyenyezi ziwiri, imodzi ya wojambula, ina ya mnyamata wa pa kompyuta. Amene mukufuna kujambulitsa kumeneko, gwirizanani musanalipire kuti khungu, mano ndi thupi asazikhudze, muone zithunzi pa kompyuta asanazitsuke, ndipo muwauze momveka ngati simukufuna kuti akutsatsireni malonda. Alubamu yatsopano akuti ndilipirenso K60,000, zimene ndakana. Chikwangwani analonjeza kuti achichotsa Lachisanu lapitali, koma dzulo pochokera kumsika ndinachipeza chikadali pomwepo.