Mphesa zouma kapena mtedza: mwana atenge chiti kusukulu?

Mphesa zouma mukazipeza m'mapaketi m'masitolo akuluakulu ngati Chipiku, ndipo zambiri zimachokera ku South Africa. Mtedza ndi wathu womwewu, wa ku Mchinji ndi Kasungu, womwe amayi amayeza pa mbale ku Lizulu.

Pa mtengo palibe mpikisano. Ndalama ya kapaketi kamodzi ka mphesa mugula nayo mtedza wokazinga sabata yonse.

Pa magalamu 100, mphesa zili ndi shuga pafupifupi magalamu 60, mapuloteni 3 okha. Mtedza uli ndi mapuloteni pafupifupi 25, mafuta oyandikira theka. Choncho mphesa zimapatsa mphamvu msanga koma njala sichedwa kubwerera, pomwe mtedza umakhalitsa m'mimba. Mphesa zilinso ndi potaziyamu ndi ayironi pang'ono, komanso zimafewetsa chimbudzi. Vuto lake zimakanirira m'mano. Mwana azitsuka mkamwa akadya.

Kusunga ndiye mtedza umavuta. Ukangogwira chinyezi nthawi ya dzinja umachita chuku, chomwe chimatulutsa poizoni wa aflatoxin wowononga chiwindi. Njere yonyala kapena yowawa, tayani. Mphesa m'botolo lotseka bwino zimatha miyezi. Galu yekha asazilawe, zimamuwononga impso.

Mphesa n'zokomera ophika makeke, masikono, kapena ofuna kutsekemeretsa phala popanda shuga. Odwala shuga azidya zochepa kwambiri. Mwana woweruka masana, ine ndingamuikire mtedza, mphesa kadzanja kamodzi pamwamba mwezi ukatha.